MOYO WA BABE RUTH, MWANA AMENE ADAMUTCHA NKHUTUKUMVE

Anzanga owerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mutangoona mutu wa nkhani ino mwayamba kale kuseka, mukufunsana kuti kodi mnyamata wa ku Chitipa za baseball wazidziwira kuti. Simukulakwa. Kwathu masewera amenewa kulibe. Mpira umene ife tidakula nao ndi wachikulunga, womanga ndi mapepala apulasitiki ndi zingwe, ndipo magolo ake ndi miyala iwiri. Ndodo timaigwira poweta ng'ombe, osati pomenyera mpira. Koma teremu yathayi, ndikusanthula mabuku akale m'laibulale yathu, ndinapeza chithunzi cha bambo wina wooneka wodwala, ataima pakati pa bwalo lodzaza ndi anthu, atatsamira ndodo yomenyera mpira monga nkhalamba itsamira ndodo yake. Kumsana kwa malaya ake kudalembedwa nambala 3. Ndinafuna kudziwa kuti ameneyu adali yani, ndipo nditatsata mbiri yake ndinapeza kuti nayenso adakulira pa sukulu yogonera konko ya Akatolika, akudzuka ndi belu ndi kugona ndi belu ngati ifeyo. Dzina lake lenileni ndi George Herman Ruth, koma dziko lonse limamudziwa kuti Babe Ruth.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti ali ndi zaka 7 zokha, akuluakulu adamulemba m'kaundula kuti ndi mwana wosawongoleka. Kwathu, kumunsi kwa mapiri a Misuku, amalume anga ali ndi mwana wa msinkhu womwewo amene mudzi wonse umamutcha nkhutukumve. Powerenga za Ruth maganizo anga sanachoke pa msuweni wangayo, ndipo n'chifukwa chake ndalemba nkhaniyi.

Kodi baseball amasewera bwanji?

Poyamba ndifotokoze pang'ono za masewerawa kuti timvane. Matimu amakhala awiri, ndipo timu iliyonse imakhala ndi anthu 9. Pa bwalo pamakhala ngodya zinayi zotalikirana mamita 27. Woponya wa timu imodzi amaima pa kachulu, mtunda wa mamita 18 kuchokera pa ngodya yoyambira, naponya kampira kolimba, kakukula ngati lalanje. Womenya wa timu inayo amaima pa ngodya yoyambirayo atagwira ndodo yosalala, yonga kamunsi kakang'ono. Akaphonya katatu, watuluka. Akaumenya, amathamanga kuchoka pa ngodya ina kunka pa ina uku adani akuthamangira mpira uja, ndipo akazungulira ngodya zonse n'kubwerera pamene adayambira, timu yake yapeza chigoli chimodzi. Anthu atatu akatuluka, matimu amasinthana, ndipo amatero mpaka zigawo 9 zitakwana.

Koma womenya akaumenya mwamphamvu mpirawo n'kudumpha mpanda wa bwalo, umene umakhala pa mtunda wa mamita pafupifupi 100 kapena kuposa, palibenso womupingasa. Amazungulira ngodya zonse mosafulumira, anthu akukuwa. Kumenya kotereku ndiko amati home run, ndipo mau amenewa muwasunge chifukwa mbiri ya Ruth yagona pamenepa. Ku America kuli maligi akuluakulu awiri, American League ndi National League, ndipo kuyambira 1903 akatswiri a maligi awiriwa amakumana kumapeto kwa chaka mu mpikisano wotchedwa World Series.

Mwana wa mumsewu

George adabadwa pa 6 Febuluwale 1895 mu mzinda wa Baltimore, m'chigawo cha Maryland. Makolo ake adali ochokera m'mabanja a ku Germany. Mwa ana 8 amene adabadwa m'banjamo, awiri okha ndiwo adakula, George ndi mlongo wake Mamie. Atate ake adali ndi bala, ndipo banja linkakhala m'zipinda za pamwamba pa balayo. Mai ake, Katherine, ankadwaladwala. Tsono atate ali kalikiliki ndi makasitomala, mai ali chigonere, mwanayo adaleredwa ndi msewu. Iye mwini atakula adavomera kuti kusukulu sankapita kawirikawiri, ankangoyendayenda mu mzinda, ndipo ankamwa mowa atate ake akayang'ana kumbali.

Pa 13 Juni 1902 adatumizidwa ku St. Mary's Industrial School for Boys, mu mzinda womwewo wa Baltimore. Tsiku limeneli mulikumbukire, pakuti tidzakumana nalonso. Sukuluyi inkayendetsedwa ndi Abulazala a chipani cha Xaverian, ndipo inkasunga ana amasiye, ana a amphawi ndi ana amene makolo kapena makhoti adatopa nao. Anyamata adalipo pafupifupi 800. Nthawi zingapo George ankabwezedwa kwao, koma sipankapita nthawi asadabwererenso, motero gawo lalikulu la zaka 12 zotsatira adalithera mkati mwa mpanda wa sukuluyo. Achibale sankabwera kawirikawiri kudzamuona. Mai ake adamwalira mu 1912, iye ali ndi zaka 17.

Moyo wa pa St. Mary's ife tingaumvetse msanga. Chakudya chidali chamtundu umodzimodzi, mwambo udali wolimba, ndipo chikoti sichinkasowa. Kupatula maphunziro a m'kalasi, mnyamata aliyense ankaphunzira ntchito yamanja. George adaphunzira kusoka malaya ndipo adali telala wabwino ndithu, kotero kuti ngakhale atalemera ankakonza yekha makolala a malaya ake. Adabadwa wamanzere, koma m'kalasi adamukakamiza kulemba ndi dzanja lamanja, ndipo adalemba choncho moyo wake wonse.

Bulazala Matthias

Woyang'anira mwambo pa sukuluyo adali Bulazala Matthias Boutilier, wobadwira ku Nova Scotia m'dziko la Canada. Adali chimphona cha munthu, wamtali pafupifupi mamita awiri, koma wosakonda kukweza mau. Anyamata ankamuopa ndiponso kumulemekeza chifukwa sankakondera. Pa nthawi ya masewera iye ankagwira ndodo ndi dzanja limodzi, n'kuponya mpira m'mwamba ndi dzanja linalo, n'kuumenya mpaka kukagwera kutali, anyamata ali kukamwa yasa. George wamng'ono ankaima pamenepo akuyang'anitsitsa. Adayamba kutsanzira kamenyedwe ka Bulazalayo, ngakhalenso kathamangidwe kake ka timasitepe tifupitifupi, ndipo adakhala nako mpaka pamene adasiya masewera.

Bulazala Matthias adaona kuti mwana wovutayu ali ndi kanthu m'manja mwake. Sadadalire chilango chokha ayi. Ankamutenga kunka naye ku bwalo n'kumamumenyera mipira kuti awakhe, kumukonza apa ndi apo, kwa maola ambiri. Poyamba George ankasewera kumbuyo kwa womenya, monga wowakha mipira. Popeza magulovu onse adali a anthu oponya ndi dzanja lamanja, iye ankawakha ndi dzanja lamanzere, n'kuvula gulovuyo msangamsanga, n'kuponya ndi dzanja lomwelo.

Tsiku lina, monga mwini wake adasimbira, timu yao ikugonja, George adayamba kuseka mnzake woponya. Bulazala sadakalipe. Adangomuuza kuti ngati akuona kuti n'zophweka, akwere pa kachulu aponye yekha. George adakwera, ndipo posakhalitsa adasanduka woponya woopsa pa sukulu yonse. Ine ndimaona kuti pamenepa pali nzeru ya mphunzitsi weniweni, pakuti chipongwe cha mwana adachisandutsa ntchito. Atakula, Ruth ankanena poyera kuti sadakumanepo ndi munthu woposa Bulazala Matthias.

Kutuluka pa chipata

Mu Febuluwale 1914 Jack Dunn, mwini wa timu ya Baltimore Orioles imene pa nthawiyo idali mu ligi yaing'ono, adamva mbiri ya mnyamatayo namulemba ntchito pa malipiro a madola 100 pa mwezi. George adali ndi zaka 19, ndipo za kunja kwa mpanda sankazidziwa. Timuyo itapita ku Fayetteville, m'chigawo cha North Carolina, kukakonzekera masewera, akuti ku hotela iye ankangokwera ndi kutsika m'chikepe ngati mwana. Osewera akuluakulu adayamba kumutcha khanda la Dunn, ndipo dzina loti Babe, kutanthauza khanda, lidamukanirira mpaka imfa.

Mu Julayi chaka chomwecho Dunn, ndalama zitamuthera, adamugulitsa ku Boston Red Sox ya mu American League. Pa 11 Julayi 1914 Ruth adaponya koyamba mu ligi yaikulu, ndipo timu yake idagonjetsa Cleveland 4-3. Ambiri amaiwala kuti asadatchuke ndi kumenya adali mmodzi wa oponya abwino koposa a nthawi yake. Mu 1916 adapambana masewera 23, ndipo pa masewera 9 adani sadapeze ngakhale chigoli chimodzi. Mu World Series ya chaka chimenecho, polimbana ndi Brooklyn, adaponya yekha zigawo 14 mpaka timu yake idapambana 2-1. Adani adagoletsa m'chigawo choyamba chokha, ndipo kuchokera pamenepo, kuphatikiza World Series ya 1918, adaponya zigawo zoposa 29 zotsatizana popanda wina kupeza chigoli. Padalibe woponya wina adafikapo mpaka 1961. Red Sox idatenga ukatswiri mu 1915, 1916 ndi 1918.

Komabe mtima wake udali pa ndodo. Woponya sasewera tsiku lililonse, chifukwa mkono umafuna kupuma, pamene Ruth ankafuna kumenya tsiku ndi tsiku. Masiku amenewo ma home run adali osowa, moti mu 1918 iye adali mmodzi wa awiri otsogola mu ligi ndi 11 okha. Mu 1919 adamenya 29, kuposa munthu wina aliyense m'mbuyomo. Kumapeto kwa chaka chomwecho mwini timu, Harry Frazee, adamugulitsa ku New York Yankees pa mtengo wa madola 100,000. Anthu a ku Boston adalira malondawo kwa nthawi yaitali, pakuti kuchokera mu 1918 timu yao idadikira zaka 86, mpaka 2004, kuti ipambanenso World Series.

Zaka za ulemerero

Ruth adafika ku New York pa nthawi imene baseball idali pa manyazi. Mu 1920 zidaululika kuti osewera 8 a Chicago White Sox adakhudzidwa ndi chiwembu cha anthu a juga choti agonje dala mu World Series ya 1919, ndipo pambuyo pake onsewo adaletsedwa kusewera moyo wao wonse. Okonda masewera ambiri adagwa mphwayi. Chaka chomwecho cha 1920 Ruth adamenya ma home run 54, pamene womutsatira, George Sisler, adamenya 19. Munthu mmodzi yekha adaposa timu ina iliyonse yathunthu ya mu American League. Anthu adayambanso kudzaza mabwalo, ndipo Yankees idakhala timu yoyamba kulandira oonerera oposa 1 miliyoni m'chaka chimodzi. Mu 1921 adamenya 59. Pa 18 Epulo 1923 bwalo latsopano la Yankee Stadium lidatsegulidwa, ndipo home run yoyamba pa bwalolo adamenya Ruth, pogonjetsa timu yake yakale ya Boston. Anthu ankati bwalolo ndi nyumba imene adamanga Ruth.

Mwa nthawi zambiri zosaiwalika za zaka zimenezi ndisankhepo zitatu. Yoyamba ndi ya mu World Series ya 1926, polimbana ndi St. Louis Cardinals. Mnyamata wina wa zaka 11, Johnny Sylvester wa ku New Jersey, adali kudwala kwambiri atagwa pa kavalo. Ruth adamutumizira mpira wosainidwa pamodzi ndi lonjezo loti amumenyera home run. Pa 6 Okutobala adamenya atatu m'masewera amodzi, chinthu chimene chidali chisadachitikepo mu World Series. Mnyamatayo adachira nakhala ndi moyo mpaka 1990. Koma patapita masiku anayi, m'masewera otsiriza, Yankees ikutsalira ndi chigoli chimodzi m'chigawo chomaliza, Ruth yemweyo adayesa kuthamangira ngodya yachiwiri mozemba, adani adamupeza, ndipo ukatswiri udapita ku St. Louis. Amene adali ngwazi Lachitatu adasanduka wolakwa Lamulungu.

Yachiwiri ndi ya mu 1927. Chaka chonsecho Ruth ankapikisana ndi mnzake wa m'timu yomweyo, Lou Gehrig. Kumayambiriro kwa Sepitembala awiriwa adali pafupifupi ofanana, koma m'mwezi umenewo wokha Ruth adamenya ma home run 17. Pa 30 Sepitembala, kutatsala masewera amodzi kuti ligi ithe, adamenya ya 60 polimbana ndi Tom Zachary wa Washington Senators. Gehrig adathera pa 47. Chiwerengero cha 60 chidakhala pamwamba zaka 34, mpaka Roger Maris adamenya 61 mu 1961.

Yachitatu idachitika pa 1 Okutobala 1932 pa bwalo la Wrigley Field ku Chicago, mu World Series yolimbana ndi Chicago Cubs. Osewera a Cubs ankamunyoza, ndipo oonerera ena ankamugenda ndi mandimu. M'chigawo chachisanu, zigoli zili 4-4, Ruth atatsala ndi mwai umodzi wokha, adatukula dzanja naloza. Mpira wotsatira umene Charlie Root adaponya, iye adaumenya kukagwera kuseri kwa mpanda wapakati. Kodi adaloza mpandawo kusonyeza kumene mpira ukagwere, kapena ankaloza anthu omunyoza aja? Root adakana mpaka imfa yake kuti Ruth adaloza mpanda, ndipo okonda baseball akadatsutsanabe ngakhale kanema wa tsikulo alipo.

Mu 1930 malipiro a Ruth adafika madola 80,000 pa chaka, kuposa a Pulezidenti Herbert Hoover amene ankalandira 75,000. Ali ku Yankees adapambana World Series mu 1923, 1927, 1928 ndi 1932.

Mbali imene sindingaibise

Ndikadafuna kungokusangalatsani ndikadalekera pomwepa, koma mbiri yobisa zina siphunzitsa munthu. Ruth sadali woyera mtima. Mnyamata amene adakula akusowa zonse, atapeza ndalama sadadziwe polekezera. Ankadya mopyola muyezo, ankamwa usiku wonse, ankathamangitsa galimoto mosasamala, ndipo sadali wokhulupirika kwa mkazi wake Helen Woodford, amene adamukwatira mu 1914. Mtima wake udali wapachala. Pa 23 Juni 1917 adamenya chibakera woimbira masewera Brick Owens, ndipo adamuimitsa masiku 10. Mu Meyi 1922, patangopita masiku ochepa atayamba kusewera monga kaputeni wa Yankees, adawaza dothi woimbira, nakwera ku mipando ya oonerera kuthamangitsa munthu amene ankamunyoza, ndipo ukaputeni udathera pomwepo.

Kumapeto kwa chaka chimenecho, pa phwando lina ku New York, Jimmy Walker, amene pambuyo pake adakhala meya wa mzindawo, adamudzudzula pamaso pa anthu kuti akukhumudwitsa ana a m'misewu amene ankamutenga ngati chitsanzo chao. Ruth adagwetsa misozi nalonjeza kusintha, ndipo mu 1923 adasewera bwino koposa. Koma paja zakomazakoma pusi adagwa chagada. Mu 1925 adakomoka ali pa ulendo, adachitidwa opaleshoni ya m'mimba, nasewera masewera 98 okha, ndipo mphunzitsi wa timu, Miller Huggins, adamulipitsa madola 5,000 chifukwa cha kusamvera. Iye ndi Helen adapatukana, ndipo Helen adafera m'nyumba imene idapsa mu Januwale 1929. Chaka chomwecho Ruth adakwatira Claire Hodgson, amene adamuthandiza kusunga chuma ndi kuchepetsako zosokoneza.

Zinthu zikafika pothina, akuluakulu a Yankees ankadziwa munthu mmodzi amene Ruth sakadamuyankha mwano. Ankaitana Bulazala Matthias kuti adzalankhule naye. Taganizani anzanga, munthu wotchuka m'dziko lonse la America, wosamva za mabwana ake, akutchera khutu kwa mphunzitsi wake wakale wopanda ngakhale khobidi!

Ndipo Ruth sadaiwale kumene adachokera. Mu 1919 moto udaononga kwambiri sukulu ya St. Mary's. Chaka chotsatira iye adatenga bandi ya anyamata a sukuluyo kuyenda nayo m'mizinda imene Yankees inkasewera, kuti apeze ndalama zomangiranso. Adagulira Bulazala Matthias galimoto ya Cadillac, ndipo itaonongeka pa ngozi adawaguliranso ina. Ankayendera nyumba za ana amasiye ndi zipatala, kawirikawiri popanda atolankhani. Chikatolika chimene adakula nacho ku St. Mary's sadachitaye, ngakhale kuti nthawi zina ankafika ku Misa ya m'mawa akuchokera kumene adachezera usiku wonse. Munthuyu adali wotero, zabwino ndi zoipa m'thumba limodzi.

Amene adatsekeredwa kunja

Ife a kuno ku Africa tiyeneranso kudziwa chinthu china. M'zaka zonse zimene Ruth adasewera, anthu akuda sankaloledwa m'maligi akuluakulu. Adali ndi maligi aoao otchedwa Negro Leagues, ndipo Ruth ankakumana nao pa masewera achionetsero okha. Tsankholo lidayamba kugwa pa 15 Epulo 1947, pamene Jackie Robinson adasewera koyamba mu timu ya Brooklyn Dodgers. Amene adadzaposa chiwerengero cha ma home run onse a Ruth adali munthu wakuda, Hank Aaron, pa 8 Epulo 1974, ndipo adachita zimenezi akulandira makalata omuopseza kuti amupha. Mu 2024 akuluakulu a baseball adaphatikiza mbiri ya Negro Leagues m'mabuku ao, ndipo Josh Gibson adakwera pamwamba pa Ruth pa muyezo wa mphamvu ya kamenyedwe. Izi sizichotsa luso la Ruth, koma zitikumbutsa kuti padali ana ena aluso amene chipata sichidawatsegukire monga chidamutsegukira iye mu 1914.

Dzuwa lipendeka

Pofika 1934 thupi lidayamba kukana. Chimene Ruth ankalakalaka chidali kukhala mphunzitsi wamkulu wa Yankees, koma eni timu adakana, poganiza kuti munthu amene adavutika kudzilamula yekha sangalamule anzake. Apa ndipo zochita za unyamata wake zidamupeza. Mu 1935 adapita ku Boston Braves. Pa 25 Meyi chaka chimenecho, pa bwalo la Forbes Field mu mzinda wa Pittsburgh, ali ndi zaka 40, adamenya ma home run atatu tsiku limodzi. Yomaliza, imene idakwanitsa 714, idadumpha denga la mipando ya oonerera, chimene munthu wina adali asadachitepo pa bwalolo. Patapita sabata imodzi adasiya kusewera. Mu 1936 adali mmodzi wa anthu asanu oyamba kusankhidwa kulowa mu Hall of Fame, nyumba yosungira mbiri ya akatswiri a baseball. Koma kupatula miyezi yochepa mu 1938 imene adali wothandizira ku Brooklyn Dodgers, ntchito ya uphunzitsi adaidikira mpaka imfa osaipeza.

Bulazala Matthias adamwalira mu 1944 ku Massachusetts, mwakachetechete monga adakhalira. Kumapeto kwa 1946 madokotala adapeza kuti Ruth ali ndi khansa kuseri kwa mphuno ndi m'khosi. Adali mmodzi wa odwala oyamba kuyesedwa mankhwala atsopano olimbana ndi matendawa, ndipo adapezako bwino kwa kanthawi. Chithunzi chija ndinachipeza m'laibulale chidajambulidwa pa 13 Juni 1948, tsiku limene adafika komaliza pa Yankee Stadium, timu ikulengeza kuti nambala 3 sadzavalanso munthu wina. Werengani bwino, padali patapita zaka 46 ndendende kuchokera tsiku lija adalowa pa chipata cha St. Mary's. Adali atawonda, mau atatha, ndipo ndodo yonga imene idamupatsa dzina ndiyo inkamuchirikiza kuti asagwe.

Atalandira sakramenti la odwala, adamwalira pa 16 Ogasiti 1948 ali ndi zaka 53. Thupi lake lidagonekedwa pa Yankee Stadium masiku awiri, ndipo anthu pafupifupi 77,000 adadutsa kudzaona nkhope. Misa ya maliro idachitikira mu tchalitchi lalikulu la St. Patrick ku New York pamaso pa Kadinala Francis Spellman, ndipo adaikidwa m'manda a Gate of Heaven ku Hawthorne. Sukulu ya St. Mary's idatsekedwa mu 1950.

Zimene ndatolapo

Tsopano ndibwerere kwathu ku Chitipa. Msuweni wanga uja nayenso ngwamanzere, ndipo dzanja lakelo lamenyedwa kambirimbiri chifukwa chotemera nsima. Sukulu amathawa. M'mawa amanyamuka ndi anzake, koma amakathera kudambo kumene kuli ng'ombe. Watukwanapo akuluakulu, ndipo wabapo nzimbe ndi nthochi m'minda ya eni. Pa tchuthi chathachi ndinamva achibale akukambirana kuti mwanayo angomuleka, adzamva nkhwangwa ili m'mutu. Ine ndinaseka nao, ndipo ndivomere kuti dzina la nkhutukumve nanenso ndinamuitana nalo. Komatu mwana yemweyo ndinamuona akugwetsa bango ndi mwala umodzi pa mtengo umene ife achikulire tinalephera ndi miyala khumi, ndipo ng'ombe za atate ake amazidziwa iliyonse ndi khalidwe lake. Zimenezi ndinaziona ndi maso angawa koma sindinaziyese kanthu.

Bulazala Matthias sadasandutse George kukhala mngelo, taona kale. Mkwiyo wake ndi dyera lake zidatsala. Chimene Bulazalayo adachita ndi kukana kukhulupirira mau a m'kaundula aja, napatsa mwanayo nthawi yake tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Chifukwa cha ichi, munthu wogwaigwa uja nthawi zonse ankadziwa kobwerera, ndipo sadaiwale ana ena osiyidwa. Pakati pathu pano ena adzakhala ansembe, ena aphunzitsi, ena makolo. Wodzadzaza bwalo la masewera ndi dzina lake mwina palibe, koma aliyense wa ife adzakumana ndi mwana amene anthu atopa naye. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, adatero makolo athu, ndipo kuwongola mtengo mpoyamba.

Tchuthi chikubwerachi, ndikakatsika galimoto pa Kapoka n'kufika kumudzi, ndapangana ndi mtima wanga kuti m'mawa uliwonse ndizikapita naye kudambo. Kope ndi pensulo ndasunga kale, ndipo kampira ka tenisi ndapempha kwa mnzanga wa Folomu 4. Tizikayamba ndi kuponyerana, kenaka tizikalemba maina a ng'ombe zake m'kope, ndi dzanja limene iye mwini akufuna. Ndikabwera teremu ya mawa mudzandifunse mmene tayendera.